Ku Monkey Bay kapena ku Durban: maulendo awiri otengera ana kusitima

Sitima yapamadzi sibwera pakhomo. Banja lofuna kukaikwera pa tchuthi limayamba lalongedza zikwama m'galimoto, kukhazika ana kumbuyo, n'kuitsatira kudoko, ndipo nthawi zambiri chigawo cha pamtundachi ndicho chimaonetseratu ngati tchuthicho chikome kapena ayi. Kwa ife Amalawi pali madoko awiri amene maganizo amathamangirako. Loyamba ndi la Monkey Bay m'boma la Mangochi, kumene sitima ya Ilala imayambira ulendo wake wa sabata ndi sabata wolowera kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Lachiwiri ndi la Durban, kumene abale athu okhala ku Joni amene zinthu zikuwayenderako amatengera ana kukakwera sitima zikuluzikulu za kampani ya MSC zopita kugombe la Mozambique. Maulendo onsewa amathera pamadzi, koma zimene amafuna kwa kholo ndi zimene amapatsa mwana n'zosiyana kwambiri.

Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Durban pali makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa N3, ndipo woyendetsa wosathamanga amatha maola 6 kapena 7. Msewuwo ndi wotakata, phula lake losalala, zikwangwani paliponse. Mumadutsa zipata zolipirira zisanu, De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill, choncho ndalama ya pamsewu muziiwerengeratu pambali pa ya mafuta. Chigawo choyamba, chodutsa ku Free State cha ku Villiers ndi Warden, n'chotopetsa kwa mwana: minda ya chimanga, ng'ombe, mitengo yamagetsi, basi. Apa ndi pamene funso lija limayambira, "Adadi, tifika nthawi yanji?" Chimene chimapulumutsa makolo ndi malo omwetsera mafuta akuluakulu, monga a ku Harrismith, amene ali ndi zimbudzi zaukhondo, malo odyera ndi kabwalo koti ana athamangepo miyendo iwongoke. Mayi woyenda ndi khanda amadziwa kuti pakatha ola limodzi kapena awiri apeza posinthira thewera. Malamulo a dzikolo, kuyambira 2015, amafunanso kuti mwana wosakwana zaka zitatu akhale pampando wake womangirira m'galimoto.

Mukapitirira Harrismith msewu umasintha. Pa Van Reenen mumatsika phiri kulowa m'chigawo cha KwaZulu-Natal, mapiri a Drakensberg akuoneka chakumanja, ndipo pamenepa pamafuna woyendetsa wogalamuka. Mphepo imaomba mwamphamvu, chifunga chimagwa mosayembekezereka, ndipo mathiraki opita kudoko la Durban, limene ndi lotanganidwa kwambiri pa katundu m'dzikomo, amandandalikana mtsetse wonse. Kutsetsereka kwina koopsa kuli polowa mumzinda wa Pietermaritzburg. Banja limene lanyamuka kukadali nthawi lingapatuke pa Howick kukaonetsa ana mathithi aatali mamita 95, ndi malo amene apolisi anagwirira Nelson Mandela pa 5 August 1962, pomwe anaimikapo mizati 50 yachitsulo imene ukaima pamalo oyenera imaonetsa nkhope yake. Koma ambiri sapatuka. Maso amakhala pa wotchi.

Msewu wa kwathu ndi waufupi, pafupifupi makilomita 250 kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba, koma musauchepse. Umadutsa m'tsinde mwa phiri la Zomba, n'kutsikira ku Liwonde kumene mumaoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kenako Ulongwe, nyanja ya Malombe chakumanja, Mangochi, ndi mtunda womaliza wa milambe ndi migwalangwa mpaka ku Monkey Bay. Woyendetsa sapuma. Pali akabaza osenza matumba a makala, mbuzi zodumphira pamsewu, maenje amene mvula yasiya, misika yodzaza mpaka m'phula, ndi marodibuloko pamene wapolisi amafuna kuona laisensi ndi mapepala a galimoto. Zimbudzi zoti mungalowetsemo mwana wamkazi n'zosowa, ndipo "Amayi, ndikufuna kutaya madzi" nthawi zambiri amayankhidwa ndi kuima pambali pa tchire. Pa nkhani ya mafuta, wanzeru amadzaza thanki asanatuluke m'tauni, chifukwa zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti pampu ikhoza kuuma tsiku lililonse.

Komabe mwana satopa msanga pamsewu umenewu, chifukwa pawindo pamadutsa anthu. Amaona amayi oyala tomato ndi mpunga, anyamata a chiwaya, ogulitsa mphasa ndi mipando ya mlaza, mizikiti ya m'midzi ya Ayao, nsomba zopachika pamtengo m'mbali mwa msewu. Kamba wa paulendo amagulidwa pawindo pomwepo: chimanga chootcha, nthochi, malambe. Pa Mangochi, mukapatuka pang'ono kulowera kumlatho wa Bakili Muluzi, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu mu August 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwana amene akukakwera Ilala mawa lake ayenera kuimitsidwa pamenepa. Ochokera ku Lilongwe ali ndi zawo zoona: akapitirira Dedza amatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, chigwa chonse cha nyanja chili poyera pansi pawo, ndipo Mua ili pafupi, mishoni ya 1902 imene ili ndi malo a Kungoni osungirako zigoba za Gule Wamkulu. Kutsikako kumachititsa ana ena chizungulire, ndiye jumbo ikhale pafupi.

Kusiyana kwakukulu kwa misewu iwiriyi kumachokera kwa sitima imene ili kumapeto kwake. Ya ku Durban sidikira munthu. Amakupatsani nthawi yoti mufike pamalo okwerera a Nelson Mandela Cruise Terminal, amene anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021, ndipo chipata chikatsekedwa chatsekedwa, ndalama zanu zapita. Thiraki imodzi ikagwa pa Van Reenen msewu ukhoza kutsekeka maola ambiri, ndipo mu December, sukulu zikatsekera, theka la chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg, limakhala likutsikira kunyanja pamsewu womwewo. Bambo amene wanyamuka m'bandakucha wa tsiku lokwera amayendetsa mtima uli m'mwamba, amakana kuima ana akapempha, ndipo mkangano wa m'galimoto umayambira pamenepo. Ine ndimaona kuti palibe chifukwa choikira moyo wa ana pachiswe chotere. Nyamukani dzulo lake, mukagone ku Durban, m'mawa ana akaone nsomba ku uShaka Marine World imene ili pafupi ndi doko.

Ilala nayo imafuna kuti mukagone pafupi, popeza mwa ndondomeko imene anthu aizolowera kwa zaka zambiri imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Koma vuto lake n'lotembenuka. Inu mukhoza kufika nthawi yabwino, iyo n'kuchedwa. Ndi sitima yonyamula katundu ndi anthu, ndipo padoko lililonse imaima mpaka thumba lomaliza litatsika. Ikachedwa pamalo amodzi, kuchedwako kumapitirira ulendo wonse. Nthawi zina imakhala ili kokonzedwa kwa masabata, kotero muyenera kuimba foni kuofesi ya sitima musanamange katundu. Kholo la ku N3 limaphunzitsa ana kufulumira, pamene la ku Monkey Bay limawaphunzitsa kudekha, ndipo aliyense amene analerapo mwana wa zaka zinayi akudziwa kuti chachiwirichi n'chovuta kuposa choyambacho.

Palinso mapepala. Sitima ya ku Durban ikalowera ku Mozambique ndiye kuti mwatuluka m'dziko la South Africa, ndipo a zolowa ndi kutuluka amayang'ana pasipoti ya aliyense, ngakhale ya khanda. Ndi bwino kutenga kalata yakubadwa ya mwana, komanso kalata ya chilolezo ya kholo linalo ngati mukuyenda nokha ndi ana. Kwa Mmalawi wokhala ku Joni nkhaniyi ndi yolemera. Amene masiku ake okhalira m'dzikomo anatha asayerekeze, chifukwa malamulo a 2014 amati wopitiriza masiku akamatuluka amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi, kapena zaka 5 ngati anapitiriza masiku oposa 30. Tchuthi cha masiku atatu chingagwetse ntchito ndi sukulu ya ana. Pa Ilala zonsezi palibe. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zathu ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mwana amaona mapiri a ku Cobué tsidya lija popanda chidindo chilichonse.

Sitima zenizenizo n'zosayerekezeka kukula kwake. MSC Orchestra, imodzi mwa zimene zakhala zikubwera ku Durban, ndi yaitali mamita 294 ndipo imanyamula anthu oposa 3,000. Ilala ndi ya mamita 52 ndipo anaipangira anthu mazana ochepa. Yoyambayo anaimanga kuti anthu asangalale, ndipo imachitadi zimenezo. Muli maiwe osambiramo, zikepe zokwerera m'mwamba, holo ya zisudzo ndi magule usiku uliwonse, chipatala chaching'ono, ndi chakudya chimene chili m'kati mwa mtengo wa tikiti, chodzitengera wekha pafupifupi tsiku lonse. Ana amawagawa m'magulu potsata misinkhu, ndipo pali antchito amene ntchito yawo ndi kusewera nawo. Zimenezi sindingazipeputse. Mayi amene chaka chonse amadzuka 4 koloko kukakwera takisi ya kuntchito, n'kubwera usiku kudzaphika ndi kuchapa, akapeza masiku atatu osagwira mphika ndiponso osathamangitsa mwana, wapeza chinthu chenicheni. Mabanja athu ambiri ku Joni alibe agogo kapena azakhali pafupi owalandirako ana, ndiye mpumulo wotere sapezeka pena paliponse.

Chimene chimachepa m'sitima yotere ndi zoona kunja. Ikangotuluka padoko, mbali zonse ndi madzi okhaokha, ndipo ana amabwerera m'kati, kumene kuli nyimbo ndi ayisikilimu. Ulendo wa masiku atatu kapena anayi umaima tsiku limodzi ku Portuguese Island, kachilumba ka mchenga kufupi ndi Inhaca m'gombe la Maputo, kapena ku Pomene chakumpoto. Mchenga ndi woyera, madzi ndi ofunda, chakudya chamasana amachita kutsika nacho m'sitima. Mwana amasangalala, palibe kukana. Koma anthu amene amakumana nawo pagombepo ndi omwe aja anakwera nawo ku Durban, ndipo akamabwerera amati anapita ku Mozambique asanamve ngakhale moni wa Chipwitikizi kupatula wa ogulitsa ziboliboli.

Ilala sanaipangire tchuthi. Ili ngati basi ya kumudzi ya tsiku la msika, kungoti ikuyenda pamadzi. Pansi, pa kalasi yotsika mtengo, pamadzaza matumba a chimanga ndi ufa, malata, simenti, makreti a zakumwa, njinga, nkhuku, madengu a usipa wouma, ndi anthu ogona pakati pa katunduyo. Pamwamba pali bala, malo odyera, ndi bwalo lopita mphepo pamene a kalasi yoyamba amayala matiresi usiku. Zipinda zogona zilipo koma n'zowerengeka, ndipo banja la ana liyenera kusungitsiratu chimodzi, chifukwa kugoneka mwana panja usiku wa mphepo si masewera. Palibe wantchito wosewera ndi ana anu. Masitepe ndi otsetsereka, ndipo mipanda ya m'mbali sanaipangire mwana wokwawa. Kuyambira pokwera mpaka potsika, diso la kholo silichoka pa mwana.

Koma taonani zimene mwanayo amaona. Sitima imayenda moyandikira mtunda nthawi zambiri, ndipo dziko lake limamudutsa pamaso boma ndi boma. Amaona Nkhotakota, kumene Jumbe ankaolotsera akapolo ndipo David Livingstone anakakhala naye pansi pa mkuyu. Usiku amaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi mpaka kumene maso alekezera. Loweruka amafika ku Likoma, boma la anthu pafupifupi 14,500 malinga ndi kalembera wa 2018, kumene tchalitchi cha St Peter's chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903 chimadabwitsa ngakhale akuluakulu ndi kukula kwake pakachilumba kotere. Kufika kwa sitima kumeneko ndi tsiku lalikulu: ana asukulu obwerera kwawo, odwala ochokera kuchipatala cha kumtunda, sopo ndi shuga wa m'magolosale onse, zonse zimadzera pamadzi. Ku Nkhata Bay amamva Chitonga ndi kulawa kondowole. Kupitirira apo mapiri amagwera m'nyanja mwachindunji, ndipo pa Ruarwe, mudzi umene galimoto sifika, anthu amabwera ndi mabwato kudzachingamira abale ndi katundu. Nyengo ina tizilombo ta nkhungu timatuluka m'madzi n'kukwera m'mwamba, mwana n'kufunsa ngati nyanja ikupsa. Nkhwazi imene amaiona pa chizindikiro cha boma amaimva ikulira pamutu pake. Zonsezi zili m'mabuku a sukulu, koma mwana amene waziona ali pa Ilala saziloweza, amazikumbukira.

Ngakhale sitimayo payokha ndi mbiri. Anaipanga mu 1949 a kampani ya Yarrow ku Glasgow, n'kuiphwasula, zidutswa zake n'kubwera panyanja ya mchere mpaka ku Beira, kenako pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Dzina inatengera kwa Ilala yoyamba, imene amishoni a Livingstonia, kuphatikizapo Robert Laws, analowa nayo m'nyanjayi mu 1875, anthu a kuno atasenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithi a Shire. Agogo ambiri amene lero akutuma zidzukulu anakwerapo sitima yomweyi ali anyamata. Ukalamba umenewu ndi wonyaditsa, komanso ndi wodetsa nkhawa. Sitima ya zaka zoposa 70 siyenera kukhala chiyembekezo chachikulu cha anthu a pazilumba, ndipo amene timaikonda ndife oyamba kufuna kuti dziko lipeze ina yoilandira ntchito.

Pa chitetezo ndiyenera kunena chilungamo: sitima ya ku Durban ili patsogolo. Isananyamuke, malamulo a panyanja amafuna kuti aliyense aonetsedwe kumene angathamangire pakagwa ngozi ndi mmene angavalire jekete yoyandamitsa, ndipo ana ali ndi zawo zowakwana. Pa Ilala kholo lidzifunsire lokha kwa amalinyero kumene majekete ali, ndipo ngati lingathe ligule la msinkhu wa mwana wake lisananyamuke. Mphindi zofuna kusamala kwambiri ndi zotsika pamalo opanda doko, pamene sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi katundu, nthawi zina usiku, mwana akuchita kupatsirana m'manja. Ku Portuguese Island nakonso amatsika ndi maboti, koma masana ndiponso mwadongosolo, ndipo nyanja ikavuta woyendetsa sitima amangolengeza kuti lero palibe kutsika.

Nyengo imalamulira maulendo onse awiri. Sitima za ku Durban zimayenda m'chilimwe cha kumeneko, kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, ndipo m'kati mwa nthawiyi muli miyezi ya anamondwe a m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Kwathu kuli mwera, umene umaomba kuyambira cha mu May mpaka August kapena September, ndipo tsoka lake tchuthi chachitali cha sukulu chimagwera momwemo. Amene sanaonepo nyanja yathu itakwiya amaganiza kuti ndi dziwe, koma ndi yaitali makilomita oposa 500, yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo mafunde a pakati pa Nkhotakota ndi Likoma amasanzitsa ngakhale ozolowera. Sitima yaikulu imagwedezeka pang'ono, Ilala imavina. Tchuthi cha Pasaka, mvula ikamatha mwera usanalimbe, ndicho ndimachiona chabwinoko kwa banja. Neti ya udzudzu ndi mankhwala a malungo musasiye, ndipo ana asasambe m'madzi odikha a m'mabango, chifukwa likodzo lilipo.

Za ndalama zilibe mpikisano. Tikiti ya ku Durban amagula ndi marandi, koma m'sitimamo zakumwa ndi zithunzi amawerengera m'madola, pa khadi limene amakupatsani pokwera, ndipo mwana wamkulu akaligwira osamuuza malire, bilu ya tsiku lomaliza imaliza munthu. Kwa banja lochokera ku Malawi kwenikweni, onjezani ulendo wa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kapena wa pandege, ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Ilala mumalipira makwacha, ndipo ngakhale chipinda chake si chotchipa kwa mphunzitsi kapena namwino, n'chofikirika. Chimodzi chokha chimaiwalika: sitima ya ku Durban imakubwezerani pamene munasiya galimoto, pomwe Ilala ikanyamuka Lachisanu imabwerera ku Monkey Bay Lachitatu. Mukatsikira ku Nkhata Bay galimoto yanu ili kutali kummwera, ndiye muyenera kupeza wokuyendetserani kuti akakuchingamireni, kapena kutsikira ku Likoma n'kudikira sitima yomweyo pobwerera.

Banja la ana aang'ono, osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, limene lili kale ku South Africa, mapepala ali bwino ndipo thumba likulola, lipite ku Durban mopanda manyazi. Anawo sadzakumbukira zambiri, koma makolo akapuma ndipo aliyense akabwerako wamtendere. Ana otere pa Ilala ndi ntchito yosagonetsa tulo, ndipo ngati muli kuno kwathu kuli bwino kuwafikitsa ku Cape Maclear, akasewere pamchenga n'kuona mbuna m'madzi, sitima aionere pamtunda. Koma mwana akafika zaka zisanu ndi zitatu, woti mukamuuza kuti gwira apa amagwira, ndisankha Ilala, makamaka kwa ana obadwira kunja amene Malawi amangomudziwira pa foni ndi pamaliro. Imbani kuofesi ya sitima, sungitsani chipinda, pewani miyezi ya mwera, ndipo mukagone ku Monkey Bay Lachinayi.